Kuyamba kuika ndalama mu malo ndi nyumba ku Harare: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene timawamva kawirikawiri kwa abale athu a ku Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Highfield ndi Epworth, komanso kwa ana awo omwe akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku London ndipo akufuna kukhala ndi kanthu kawo kuno. Tayankha poganizira munthu woyamba kumene, amene ndalama yake ndi ya thukuta, yoti ikalowa m'madzi alibe pena pokatapa ina. Mitengo ya nyumba ndi ya lendi imene tawerengera m'munsimu ndi yongoyerekeza. Ya pamsika imasintha dera ndi dera.

Ndasunga kandalama pang'ono. Ndiyambire pati?

Yambani mwaona chimene banja lanu lili nacho kale. Ngati pali nyumba ya mapepala abwino yokhala ndi mpata kuseri, kumangapo kanyumba ka zipinda ziwiri kapena zitatu koikamo alendi ndiyo njira yotsika mtengo kuposa zonse, chifukwa malo, msewu, paipi ya madzi, suweji ndi magetsi zilipo kale. Njira yachiwiri ndi kugula sitandi yokonzedwa bwino n'kumamanga pang'onopang'ono. Yachitatu ndi kugula nyumba yomalizidwa kapena fulati, imene imayamba kubweretsa lendi mwezi womwewo koma imafuna ndalama zambiri pakamodzi.

Iliyonse imene mungasankhe, ndalama yoyamba kutuluka m'thumba mwanu ikhale ya loya wofufuza mapepala. Dipoziti ibwere pambuyo. Anthu ambiri amene alira mumzinda muno anagula kwa munthu amene sanali mwini, kapena anagula malo amene lamulo silinalole kuti agulitsidwe.

Title deed, cession, offer letter: zonsezi si umboni woti malo ndi anga?

Ayi ndithu, mphamvu zake n'zosiyana kutali.

Title deed ndi chikalata cholembetsedwa ku Deeds Office, ndipo maofesi amenewa ali ku Harare ndi ku Bulawayo. Pachikalatapo pamakhala dzina la mwini, tsiku lake lobadwa, nambala ya sitandi, kukula kwake, ndi nambala ya chikalatacho pamodzi ndi chaka. Chimenechi ndicho chimakupangani mwini weniweni pamaso pa lamulo, ndiponso ndicho mabanki amalandira ngati chikole.

Cession ndi pamene malo akadali m'dzina la khonsolo, boma kapena kampani yodula masitandi, ndipo wogulitsayo akungokupatsirani ufulu umene anali nawo pa mgwirizano wake ndi eni akewo. Nyumba zambiri za m'malokeshoni akale zili chonchi. Khonsolo inazigulitsa kwa okhalamo m'zaka za m'ma 1980, koma mabanja ambiri sanapitirize mpaka kutenga title deed. Cession si yoipa payokha, bola mupite nonse awiri ku ofesi ya khonsolo ya dera limenelo, mukaone faelo, akuluakulu avomereze, ndipo dzina lisinthidwe m'mabuku awo. Mukangosainirana pakhonde, dzina la wogulitsa limatsalabe m'faelo, ndipo iye kapena ana ake angathe kugulitsanso nyumba yomweyo kwa wina.

Agreement of sale ndi pangano chabe. Limakupatsani ufulu wokakamiza wogulitsa kuti asinthe dzina, koma palokha silisintha dzinalo. Musaligoneke m'sutikesi zaka ndi zaka. Malinga ndi Prescription Act, ufulu wofuna chimene munthu akuyenera kukupatsani umatha pakadutsa zaka 3, ndipo wogulitsa wochenjera angaime pamenepo kukhoti. Mukamaliza kulipira, yambitsani zosintha dzina sabata yomweyo.

Offer letter, allocation letter ndi khadi la umembala wa cooperative ndizo zofooka kwambiri. Zimangosonyeza kuti wina anakulonjezani malo. Ngati wolonjezayo analibe ufulu pa malowo, inunso mulibe.

Amene muli kale ndi title deed ya pepala, dziwani kuti mu 2025 boma linatulutsa malamulo atsopano, SI 76 of 2025, ofuna kuti zikalata zakale zitsimikizidwe ndi kusinthidwa kukhala zotetezeka. Funsani loya wanu za chanu nthawi isanathe.

Ndingadziwe bwanji kuti wogulitsayo ndi mwini wake weniweni?

Pemphani fotokope ya title deed ndi ya chitupa chake, mupereke kwa loya wanu, wosankha inuyo, kuti akachite deeds search. Kafukufukuyu amaonetsa ngati chikalatacho chilipodi m'kaundula, dzina lake ndi la yani, ngati nyumbayo ndi chikole cha ngongole ya banki, ndiponso ngati pali caveat, ndiye kuti chiletso choti isagulitsidwe chifukwa cha mlandu kapena ngongole.

Koma zimenezi sizokwanira, chifukwa akamberembere a masiku ano amakonza chitupa chabodza cha dzina la mwini weniweni, makamaka ngati mwiniyo ali kunja kwa dziko kapena anamwalira. Choncho kumanani naye maso ndi maso, muone title deed yeniyeniyo m'manja mwake. Bwererani ku nyumbayo tsiku lina muli nokha, popanda ejenti, mucheze ndi oyandikana nawo ndi amene akukhalamo. Afunseni kuti eni ake ndi ayani, lendi amapereka kwa yani, ndipo akudziwa kuti nyumbayo ili pa malonda. Safunsa anadya phula. Yang'ananinso dzina lomwe lili pa bilu ya khonsolo. Za mareti a City of Harare mungakatsimikize ku Rowan Martin Building. Wina akabwera ndi power of attorney (kalata yom'patsa mphamvu yosainira wina) kuti akugulitsa m'malo mwa mbale wake, loya alankhule ndi mwiniyo payekha asanakhulupirire pepalalo.

Ejenti akhale wolembetsedwa ku Estate Agents Council of Zimbabwe, ndipo akuonetseni satifiketi ya chaka chimenecho. Madobadoba a pa Facebook ndi pa WhatsApp alibe kumene mungakawadandaule.

Ndalama yogulira isaperekedwe pamanja m'galimoto kapena mu lesitilanti. Iikidwe mu trust account (akaunti yosungira ndalama za makasitomala) ya loya wosintha dzina, ndipo pangano linene momveka kuti idzaperekedwa kwa wogulitsa dzina likasinthidwa. Mwachizolowezi loya ameneyu amasankhidwa ndi wogulitsa, n'chifukwa chake mukufunika wanu wapadera woona mbali yanu, ndipo muimbire Law Society of Zimbabwe kutsimikiza kuti onse awiri ali ndi chilolezo. Wogulitsa amene akukufulumizitsani kuti "pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano" msiyeni agulitse kwa winayo.

Kampani ikugulitsa masitandi molipira mwezi ndi mwezi. Ndifunse chiyani ndisanasaine?

Funsani zinthu zinayi, ndipo muzione ndi maso. Choyamba ndi title deed ya munda wonsewo, kuti mudziwe ngati uli m'dzina la kampaniyo kapena pali pangano lomveka ndi mwini wake. Chachiwiri ndi subdivision permit. Ichi n'chachikulu kwambiri, chifukwa gawo 39 la Regional, Town and Country Planning Act limaletsa kugulitsa chidutswa cha malo chilolezo chodulira chisanatuluke, ndipo Supreme Court inagamula mu 2000, pa mlandu wa X-Trend-A-Home, kuti pangano lotere ndi lopanda ntchito. Ndiye kuti ngakhale mutalipira yonse, khoti silingalamule kuti akupatseni sitandiyo. Chachitatu ndi mapu ovomerezedwa ndi Surveyor General, osonyeza nambala ya sitandi yanu. Chachinayi ndi certificate of compliance, imene khonsolo imapereka ikakhutira kuti misewu, madzi ndi suweji zaikidwa monga chilolezo chinanenera. Popanda imeneyi, title deed yanu ingachedwe zaka zambiri.

Mufunsenso ngati mtengo umene akutchulawo ukuphatikiza VAT, endowment fee ya khonsolo ndi ndalama za chitukuko, chifukwa zimenezi zimakonda kutulukira mutasaina kale. Musanakumbe maziko, itanani saveya wolembetsedwa akuonetseni zikhomo zinayi za malire. Kumanga pa sitandi ya mnzanu kumachitika kawirikawiri m'madera atsopano kumene misewu sinaoneke bwino.

Mukalephera kulipira mwezi wina, kampani siingangokulandani. Contractual Penalties Act imafuna kuti wogulitsa malo molipira pang'onopang'ono akupatseni chidziwitso cholembedwa cha masiku osachepera 30 kuti mukonze vutolo asanathetse pangano. Sungani lisiti lililonse, ndipo mukasamuka muwauze adiresi yatsopano molemba.

Nanga masitandi otchipa a ma cooperative, kapena ogulitsidwa ndi mfumu ya mudzi ku Domboshava ndi ku Seke?

Apa ndi pamene timachenjeza mwamphamvu. Kum'mwera ndi kum'mawa kwa mzinda, monga ku Hopley ndi ku Caledonia, masitandi ochuluka anagawidwa ndi anthu amene analibe ulamuliro pa malowo, popanda misewu, madzi kapena suweji. Vutoli linakula mpaka boma linakhazikitsa komiti yofufuza mu 2018, yotsogozedwa ndi Justice Tendai Uchena, kuti ione za kugulitsidwa kwa malo a boma m'mizinda kuyambira 2005. Akuluakulu akukumbukira Murambatsvina ya 2005, pamene boma linagwetsa nyumba zambiri m'mizinda, ndipo ana aona okha nyumba zikugwetsedwa ku Budiriro mu Disembala 2020, mvula ili mkati. N'zoona kuti madera ena akulongosoledwa, ndipo mu 2023 boma linayambira ku Epworth ntchito yopereka ma title deed. Koma munthu woyamba kumene asagule podalira kuti mwina mawa kudzalongosoledwa. Ngati mwakopeka ndithu, pitani kaye ku khonsolo kapena ku Ministry of Local Government mukafunse ngati layout plan ya deralo inavomerezedwa, ndiponso ngati nambala ya sitandi yanu ilimo, osati pa malo osungidwira sukulu, chipatala kapena msewu.

Malo a kumidzi ndi nkhani ina. Communal Land Act imaika malo amenewa m'manja mwa Pulezidenti, ndipo wopereka chilolezo chokhalapo ndi Rural District Council. Sabhuku, ndiye kuti mfumu ya mudzi, alibe mphamvu yowagulitsa. Simudzatenga title deed, banki siidzawalandira ngati chikole, ndipo tsiku limene mzinda udzafike pamenepo mudzakhala mulibe pogwira.

Mapepala ali bwino. Pa malo penipenipo ndiyang'ane chiyani?

Madzi, mbali zonse ziwiri: amene mukuwafuna ndi amene simukuwafuna.

Harare inamangidwa pakati pa madambo, ndipo sitandi imene ikuoneka youma mu Okutobala ingakhale thawale mu Febuluwale. Kaioneni m'nyengo ya mvula. Mukalephera, yang'anani bango, tsekera, dothi lakuda long'aluka ndi zizindikiro za chinyezi pa makoma a oyandikana nawo. Madambo amatetezedwa ndi Environmental Management Act, ndipo kumangapo popanda chilolezo cha EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi mlandu. Monavale Vlei ndi Cleveland Dam ali m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar. Ngakhale pamene lamulo likulola, dothi la makande limafufuma likanyowa ndi kunyala likauma, ndipo limang'amba makoma. Pamafunika injiniya ndi maziko a zitsulo, moti ndalama imene munapulumutsa pogula imathera pansi.

Madzi a m'mipope ochokera ku Morton Jaffray, malo oyeretsera madzi a mzinda, safika tsiku lililonse m'madera ambiri, ndipo alendi amafunsa za madzi asanafunse za matailosi. Funsani oyandikana nawo kuti madzi amabwera masiku angati pa sabata. Thanki ya malita 5,000 pa nsanja yolimba ndi chinthu choyamba kugula. Chitsime cha mjigo chimafuna chilolezo cha sub-catchment council, ndipo m'madera opanikizana madzi ake ayezedwe ku labotale, pokumbukira kolera ya 2008 ndi ya 2018 ku Budiriro ndi Glen View, kumene suweji inalowa m'madzi akumwa.

Kupatula mtengo wogulira, ndidzalipiranso chiyani?

Wogula amalipira stamp duty: 1 peresenti pa US$5,000 yoyamba, 2 peresenti pa gawo lofika US$20,000, 3 peresenti pa gawo lofika US$100,000, ndi 4 peresenti pa zopitirira apo. Pa nyumba ya US$40,000 ndiye kuti US$50, kuphatikiza US$300, kuphatikiza US$600, zonse US$950. Amalipiranso loya wosintha dzina molingana ndi mitengo ya Law Society. Pemphani kuti akulembereni zonse musanasaine.

Wogulitsa amalipira komishoni ya ejenti, imene kawirikawiri imakhala 5 peresenti, ngongole zonse za khonsolo kuti papezeke rates clearance certificate, ndi msonkho wa capital gains (wa phindu la kugulitsa) ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho. Popanda masatifiketi awiriwa, la khonsolo ndi la ZIMRA, Deeds Office siisintha dzina. ZIMRA imafunsa mafunso wogula ndi wogulitsa yemwe, choncho musavomere kulemba mtengo wochepa pa pangano kuti muzembe msonkho. Kuwonjezera pa kukhala mlandu, zinthu zikasokonekera mudzangobwezeredwa zomwe zinalembedwa, ndipo tsiku lodzagulitsa inuyo phindu lanu lidzaoneka lalikulu kuposa lenileni, msonkho n'kukwera.

Chitupa changa chinalembedwa kuti "alien". Ndingagule nyumba?

Mungathe. Malo a m'tauni okhala ndi title deed amagulidwa ngakhale ndi anthu a mayiko ena. Koma konzani chitupacho. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko a 2013 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Pitani ku Civil Registry, ku Makombe Building kapena ku ofesi ya dera lanu, ndi kalata yanu ya kubadwa.

Chimene chimavutitsa mabanja athu ambiri ndi kalembedwe ka maina. Agogo analembedwa mwanjira ina ku khonsolo, mwanjira ina ku ntchito, ndipo mdzukulu ali ndi kalembedwe kachitatu. Chilembo chimodzi chosiyana chingaimitse kusintha dzina miyezi ingapo. Yerekezani mapepala onse lero.

Nyumba ya makolo athu omwe anatisiya ili ku Mufakose. Tingaigulitse kapena kumangapo?

Musanachite chilichonse, lembetsani chuma cha masiye kwa Master of the High Court. Kumeneko amasankha executor, woyendetsa chuma cha malemu, ndi kum'patsa letters of administration, ndipo ndi yekhayo amene angasaine m'malo mwa malemu. Kuti agulitse nyumba mwa pangano wamba, amafunikanso chilolezo cha Master pansi pa gawo 120 la Administration of Estates Act. Mwambo wathu umapatsa amalume mawu aakulu pa nkhani za banja, ndipo n'koyenera kuwamvera pokambirana, koma siginecha yawo ilibe mphamvu ku ofesi pokhapokha ngati iwo ndiwo executor. Mayi kapena bambo wamasiye amene ankakhala m'nyumbamo ali ndi ufulu waukulu pa nyumbayo, ndipo achibale sangamutulutse.

Ngati inu ndinu mukufuna kumanga kuseri ndi ndalama zanu, dziwani kuti chomangidwa pa malo chimakhala cha mwini malowo. Lembani pangano ndi abale anu onse, losainidwa kwa loya, lonena kuti mwaika ndalama zingati, lendi azitolera ndani kwa zaka zingati, ndipo nyumba ikadzagulitsidwa mudzabwezeredwa bwanji. Ogula nawonso achenjere: nyumba ya masiye yogulitsidwa ndi mwana mmodzi popanda mapepala a Master ndi mlandu umene ukukudikirani.

Ndiwerengera bwanji kuti ndione ngati nyumba ikupindulitsa?

Tiyerekeze nyumba ya US$40,000. Onjezani US$3,000 ya msonkho ndi maloya, ndi US$2,000 yokonzera denga, penti ndi mipope. Mwaika US$45,000. Lendi ikakhala US$350 pa mwezi, pa chaka ndi US$4,200. Chotsani mwezi umodzi umene nyumba ingakhale yopanda munthu, US$350. Chotsani mareti a khonsolo, tinene US$360. Chotsaninso 10 peresenti ya lendi yokonzera zowonongeka, US$420. Zatsala US$3,070, pafupifupi 7 peresenti ya zimene munaika, msonkho wa ZIMRA usanachoke, pakuti lendi nayo imadulidwa msonkho. Ndalama yanu ibwerera m'zaka pafupifupi 15.

Tsopano kanyumba ka kuseri ka US$10,000, kobweretsa US$180 pa mwezi. Pa chaka ndi US$2,160. Mukachotsa mwezi wopanda munthu, zokonza ndi madzi owonjezera, patsala pafupifupi US$1,600, ndiye 16 peresenti, ndipo ndalama ibwerera m'zaka 6 ndi miyezi yochepa. N'chifukwa chake tinayamba ndi njira imeneyi.

Lendi yoika m'masamu anu isakhale imene ejenti wanena. Funsani alendi atatu a mumsewu womwewo kuti akulipira zingati. Nyumba za m'malokeshoni zimakonda kubweza gawo lalikulu poyerekeza ndi mtengo wake kusiyana ndi za ku Borrowdale, koma zimafuna kuyenderedwa pafupipafupi. Pafupi ndi University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, kapena Harare Institute of Technology ku Belvedere, ophunzira amalipira pa bedi, koma werengerani miyezi ya tchuthi, ndipo kusandutsa nyumba kukhala yogona ophunzira kumafuna chilolezo cha khonsolo.

Nditenge ngongole ya banki? Nanga ndalama ikasinthanso?

CABS, CBZ, FBC ndi National Building Society amapereka ngongole za nyumba, kuphatikizapo za anthu okhala kunja, koma amafuna dipoziti, malipiro odalirika a madola a America, ndi title deed. Lamulo lake ndi losavuta: chiwongoladzanja chikaposa peresenti imene nyumba ikubweza, lendi siikwanira kubweza ngongole, ndipo muzithirapo za m'thumba mwezi uliwonse. Katapila musamuyandikire n'komwe. Chipereganyu ndi chabwino pogula simenti ndi malata, chifukwa chilibe chiwongoladzanja ndipo ndalama yake imabwera pamodzi.

Za kusintha kwa ndalama taziona tonse. Mu 2008 zosunga za anthu zinasungunuka. Pa 22 Febuluwale 2019, lamulo la SI 33 linasandutsa ndalama ndi ngongole za madola a America kukhala RTGS, ndalama ya m'dziko muno ya nthawiyo, imodzi pa imodzi, ndipo amene anagulitsa nyumba molipira pang'onopang'ono anatsala manja ali m'khosi. Ndalama yatsopano ya ZiG inabwera mu Epulo 2024, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho inatsitsidwa mphamvu ndi oposa 40 peresenti. Choncho pangano lililonse litchule mtundu wa ndalama, linene chochita malamulo akasintha, ndipo nthawi ya pakati pa kulipira ndi kusintha dzina ikhale yaifupi.

Pomanga, n'chiyani chimene chimakonda kulakwika?

Choyamba ndi kumanga popanda pulani yovomerezeka, ngakhale kanyumba ka kuseri. Pulani iperekedwe ku khonsolo, ku ofesi ya dera kapena ku Cleveland House, ndipo woyendera nyumba asaine pa gawo lililonse: ngalande za maziko musanathire konkire, silabu, makoma akafika pa denga, denga, ndi mipope ya zonyansa musanaikwirire. Pamapeto tengani certificate of occupation. Onetsetsani kuti simukumanga pamwamba pa paipi ya suweji ya khonsolo, imene m'malokeshoni ambiri imadutsa cha kuseri kwa sitandi.

Chachiwiri ndi kulipira mmisiri ndalama yonse pachiyambi. Gwirizanani mtengo wa gawo lililonse molemba, mulipire gawolo likatha ndi kuvomerezedwa. Zipangizo gulani nokha. Khoma la njerwa imodzi limadya njerwa pafupifupi 50 pa sikweya mita, la njerwa ziwiri pafupifupi 100, ndipo muwonjezere zochepa za zosweka. Mukadziwa zimenezi mudzazindikira msanga njerwa zikayamba kuyenda usiku. Simenti musaigule yambiri nthawi ya mvula. Thumba la 50kg likakhalitsa pa chinyezi limauma. Musalole mmisiri kudumpha pulasitiki yoletsa chinyezi pansi pa silabu ndi pansi pa makoma, kapena waya wa brickforce pa mizere itatu kapena inayi iliyonse. Silabu ithiridwe madzi masiku 7.

Chachitatu ndi kuyamba nyumba ya zipinda 8 ndi ndalama ya zipinda zitatu. Chigoba chofika pa mawindo sichibweretsa kanthu, chimangoonongeka ndi mvula. Jambulitsani pulani yonse, koma malizani mbali imodzi mpaka munthu alowe. Ikani mita ya ZESA yolipiriratu yakeyake, kuti pasakhale mikangano ya magetsi.

Mlendi akasiya kulipira, ndingamutulutsire katundu panja?

Ayi. Gawo 74 la malamulo aakulu a dziko limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba imene akukhala popanda chigamulo cha khoti. Kusintha loko, kuchotsa chitseko kapena kudula madzi kungachititse kuti khoti limubwezeremo, inu n'kulipira ndalama za mlandu. Njira yake ndi kalata yomuuza ngongole yake, kuthetsa pangano molingana ndi zomwe munalemba, samani ku Magistrates Court, ndipo wotulutsa ndi Messenger of Court. Rent Regulations za 2007 zimatetezanso mlendi amene akulipira bwino ndi kusunga pangano, ngakhale nthawi ya lease itatha, choncho musaganize kuti mungamuchotse tsiku lililonse mwafuna.

Ntchito yaikulu ili pa kusankha. Onani umboni wa malipiro ake, lankhulani ndi landilodi wake wakale, tengani dipoziti ya mwezi umodzi, ndipo jambulani zithunzi za chipinda chilichonse asanalowe. Lease ilembedwe ngakhale mlendiyo ndi wa mumpingo mwanu kapena mwana wa achemwali anu, makamakanso pamenepo. Itchule lendi, tsiku lolipira, chiwerengero cha anthu okhalamo, wolipira madzi, ndi nthawi ya chidziwitso. Akachedwa mwezi woyamba, lankhulani naye sabata yomweyo. Ngongole ya miyezi inayi siibwezeka kawirikawiri.

Fulati ya ku Avenues ndi yabwino kwa woyamba?

Ingakhale yabwino, koma funsani ngati mukugula gawo lolembetsedwa ku Deeds Office, lokhala ndi ufulu wokhala mu fulati imeneyo, kapena masheya chabe a kampani yomwe ili ndi nyumba yonseyo. Gawo lolembetsedwalo ndilo lolimba. Pemphani maakaunti a bungwe la eni mafulati, muone levy (ndalama yosonkha) ya pamwezi, ngongole ya ku khonsolo, ndi mmene zilili pampu ya madzi, denga ndi chikepe. Fulati yokongola mu nyumba imene eni ake ena salipira levy imatsika mtengo inu musanalakwe kanthu.

Ndilibe ndalama ya sitandi. Palibe njira ina?

Ilipo. Pa Zimbabwe Stock Exchange pali ma REIT, amene amasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri, kugula nyumba zamalonda, n'kumagawa lendi kwa eni magawo. Woyamba unali Tigere, umene unalowa pamsika mu Novembala 2022 ndipo uli ndi Highland Park. Revitus unatsatira mu Disembala 2023. Mungagule kudzera kwa stockbroker, kapena pa foni ndi C-Trade ndi ZSE Direct, ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi sitandi. Mtengo wa magawo umakwera ndi kutsika, ndipo nthawi zina ogula amasowa pamene mukufuna kugulitsa, choncho musaikemo ndalama ya fizi.

Ndili kunja kwa dziko. Nditumize ndalama kwa achimwene kuti andigulire?

Achimwene akuthandizeni kuona malo ndi kuyendera ntchito, koma pangano ndi title deed zikhale m'dzina lanu, ndipo ndalama yogulira ipite molunjika ku trust account ya loya kudzera ku banki, kuti pakhale umboni wa kumene inachokera. Umboni umenewu mudzaufuna tsiku lodzagulitsa ndi kutulutsa ndalama kunja. Power of attorney ikhale ya ntchito imodzi yokha, yotchula nambala ya sitandi, yosainidwa pamaso pa notary kumene muliko. Pomanga, lembani ntchito munthu wodziwa zomangamanga yemwe si wachibale, azikutumizirani vidiyo ndi malisiti pa gawo lililonse musanatumize ndalama ya gawo lotsatira.

Ngati muli pabanja ndipo nonse mukusonkha, lembetsani maina onse awiri. Malamulo a Zimbabwe amaona katundu wa mwamuna ndi wa mkazi payekhapayekha, ndipo amene dzina lake lili pa title deed angagulitse nyumba popanda siginecha ya mnzake. Kuwonjezera dzina pambuyo pake ndi kusinthanso umwini, kolipira loya kachiwiri, pamene kulilemba pa tsiku logula sikuwonjezera ndalama iliyonse.